Mtchona ndi amene anasowa, osati amene wabwera

Chaka chilichonse Disembala akamayandikira, mabasi ochokera ku Joni akayamba kutula anthu ndi katundu pa Mangochi boma, mkangano umodzi umadzuka m'maminibasi, pabawo, m'magulu a WhatsApp ndi pa Facebook. Mkangano wake ndi wa dzina. Masiku ano anthu akaona mnyamata wavala jekete lachikopa dzuwa likuswa mtengo, foni yaikulu ili m'manja, Chichewa chake akuthira "eish" ndi "sharp sharp", amakodolana n'kunena kuti, "Matchona aja afika." Sanena moyamikira ayi. Amatanthauza munthu wodzimva, wolemera dzulodzuloli, wotengera za eni, woti ndalama zinafika m'thumba nzeru zisanafike m'mutu. Anyamata obwerawo akuti dzinali ndi chipongwe. Otsala kumudzi akuti ndi dzina lowayenera, ndipo ngati likuwawa asiye matama.

Ine ndili kumbali ya anyamatawo, ndipo ndinene msanga chifukwa chake. Mtchona ndi munthu amene anapita n'kusowa, osati amene wabwera. Kutenga dzina la wosowa n'kumuveka wobwera ndi kulakwa pawiri. Tikunyoza munthu amene wachita chinthu chomwe makolo athu ankachipempherera usiku ndi usana, kubwerera kwawo ali moyo, ndipo tikufafaniza dzina la bala lenileni lomwe mabanja ambiri a ku Namwera, Makanjira, Katuli ndi kwa Chimwala akukhala nalo mpaka lero. Sindikukana kuti matama alipo. Chomwe ndikukana n'chakuti mawu amenewa ndiwo mankhwala ake.

Tiyambe ndi kumene mawuwa anachokera, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Mneni wakuti kutchona si wa kunyanja kuno. Muzu wake uli m'ziyankhulo za kummwera: mu Chindebele ndi Chixhosa amati ukutshona, mu Chizulu ukushona, ndipo amanena za dzuwa likamalowa kapena chinthu chikamamira m'madzi. N'chifukwa chake kumadzulo iwo amakutcha entshonalanga, kolowera dzuwa. Mzulu akafuna kunena mwaulemu kuti munthu wamwalira amati ushonile. Mawu amenewa anayenda m'njira zomwe anthu opita kumigodi ankayenda, n'kukhazikika paliponse pomwe amuna ankachoka osabwerako. Ashona a ku Zimbabwe ali nawo, Abemba a ku Zambia ali nawo, ifenso tili nawo. Tsono taonani mawu amene agogo athu anatola. Sanatole mawu onena za chuma, za kutchena kapena za kudzikweza. Anatola mawu a kumira ndi a imfa, chifukwa kwa mayi wotsala pakhomo mwana wotchona ndi mwana womwalira ankasiyana pa chinthu chimodzi chokha, chakuti womwalirayo manda ake ankadziwika.

Ndipo amuna ankachokadi ambiri. Msonkho wa nyumba umene atsamunda anaukhazikitsa m'zaka za m'ma 1890, Mangochi akutchedwa Fort Johnston, unkafuna ndalama zomwe munthu sakanazipeza m'munda wa mapira. Ena anapita ku Southern Rhodesia kudzera ku bungwe lolemba antchito la Mthandizi, ena kumigodi ya golide ya ku Johannesburg kudzera ku Wenela, dzina lomwe linachokera ku Witwatersrand Native Labour Association, ndipo ambirimbiri anangonyamuka okha wapansi, ulendo womwe unkatchedwa wa selefu. Pofika 1973 Amalawi oposa 100,000 anali m'migodi ya ku South Africa. Mu Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha anthu oposa 70, ambiri mwa iwo Amalawi omwe ankabwerera kwawo, ndipo Kamuzu Banda analetsa kulemba anthu opita kumigodi. Ulendowu unayambiranso mu 1977 pansi pa dzina latsopano la Wenela lakuti TEBA, lomwe anthu ankati Theba, n'kudzaimanso mu 1988 pa mkangano wa kuyeza magazi. M'zaka zonsezi anthu ankasiyanitsa bwino magulu awiri. Womaliza kontirakiti ankabwera ndi njinga, wailesi, mabulangete ndi bokosi lachitsulo, ndipo palibe ankamutcha mtchona. Ankangoti wabwera ku Wenela, wabwera ku Theba. Mtchona anali winayo, amene makalata ake analeka kufika, amene anakwatira konko, mwina n'kusintha ndi dzina lomwe kuti asamaoneke mlendo.

Amene akuganiza kuti gulu lachiwirili linatha ndi nthawi ya Theba akayende m'midzi ya ku Namwera. Akapeza nyumba ya njerwa zowotcha italekezera m'mawindo, udzu utamera m'zipinda, chifukwa mwini wake anatumiza ya maziko ndi ya njerwa, kenako nambala yake inaleka kugwira. Mkazi wake akadali pamudzi pa amayi ake monga mwa chikamwini chathu, sali pabanja koma si mbeta. Ankhoswe akakhala pansi, amalume a mkaziyo amafunsa kuti, "Nanga achimwene, mwana wathuyu adikire mpaka liti?" A kuchimuna amayankha atawerama kuti, "Ifenso sitikumumva, anatchona." Pamenepo mawuwa akugwira ntchito yake yeniyeni. Mfumu ikangowamva imadziwa mlandu womwe uli patsogolo pake: kodi mkaziyu amasulidwe, ana awadyetse ndani, munda aulime ndani.

Mfundo yoyamba ya otsutsana nane ndi yakuti mawu sakhala malo amodzi, ndipo tanthauzo lake ndi lomwe anthu akuwapatsa lero, osati la nthawi ya Wenela. Mfundoyi ndi yoona ndipo sindikuipeputsa. Dzina lakuti Joni linayamba ngati kufupikitsa Johannesburg, koma lero wogwira ntchito ku Durban, ku Cape Town kapena pafamu ku Limpopo timangoti ali ku Joni, ndipo palibe cholakwika. Kapitawo tinatenga kwa Apwitikizi, kwa iwo anali mkulu wa asilikali kapena wa chombo, kwa ife ndi woyang'anira antchito paesiteti. Bwana ndi wa Chiswahili, chiyankhulo chomwe makolo a kuno ankakumana nacho pa malonda a ku Kilwa. Komabe pali kusiyana. Joni atakula palibe chinthu chinasowa dzina, Johannesburg tikhoza kuitchulabe. Koma mtchona akasanduka wodzionetsera wochokera kunja, mayi wodikira uja atsala ndi mawu ati? Akadzanena kuti mwamuna wanga ndi mtchona, achinyamata azidzamva kuti ali ndi mwamuna wa ndalama. Chonsecho mayina a munthu wodzikweza tili nawo kale ambiri, wamatama, wodzimva, wonyada, wodzitukumula. Choncho kusinthaku sikukutipatsa chomwe tinalibe, kukutilanda chomwe tinali nacho chimodzi chokha. Kuwonjezera apo, mawu sasintha okha. Amasinthidwa ndi pakamwa pa anthu, owulutsa mawu pawailesi, oimba ndi olemba pa intaneti, ndipo anthu omwewo akhoza kukana.

Mfundo yachiwiri ndi yakuti anyamatawa amadzionetseradi, ndipo mudzi uli ndi ufulu wowongola mwana wake pomuseka. Apa ndipemphe tione kaye zomwe zinachitika kwina, chifukwa si ife oyamba kubwereka mawu kuti tinyozere olemera atsopano. Cha m'ma 1880 mumzinda wa Paris munachuluka anthu a ku South America amene analemera ndi ng'ombe, zikopa, khofi ndi migodi, n'kupita kukadyera ndalama zawo ku France. Ankavala mphete zala zonse, matcheni a golide pachifuwa, kulipira osawerenga, n'kumayankhula Chifalansa chopotoka. Afalansa anawapatsa dzina lakuti rastaquouère, pofupikitsa n'kumangoti rasta, ngakhale silikhudzana n'komwe ndi Marasta a ku Jamaica. Mawuwa sanali awo. Anawatola m'Chisipanishi cha ku South America komweko, rastracueros, kuchokera ku arrastrar, kukoka pansi, ndi cuero, chikopa. Ndiye kuti wokoka zikopa. Posakhalitsa dzinali linakula, n'kuyamba kugwera mlendo aliyense wotchena amene eni mzinda ankakayikira kochokera ndalama zake, ngakhale wa m'maiko a m'mbali mwa nyanja ya Mediterranean amene sanakhudzepo chikopa cha ng'ombe. Angelezi nawo, zaka 100 izi zisanachitike, anali atatenga mawu a ku India akuti nawab, dzina laulemu la wolamulira chigawo, n'kuwapotoza kukhala nabob, kunyozera Angelezi anzawo omwe anabwerera kwawo kuchokera ku India ndi chuma n'kuyamba kugula minda ndi mipando ya kunyumba ya malamulo.

Chomwe ndikuona pa mayina awiriwa n'chakuti sadzudzula khalidwe lokha. Amakumbutsa munthu kumene anachokera kuti asayerekeze kukhala pampando wa eni. Wa ku Paris sankadana ndi golide, iye mwini ankavala. Chomwe chinkamuwawa ndi kuona golideyo padzanja lomwe dzulo linkanunkha chikopa. Ndipo ndikamamvetsera bwino omwe amafuula kwambiri kuti "matchona" kuno, si amayi a kumudzi omwe alandira malata ndi feteleza. Kawirikawiri ndi ife amene tinapita kusukulu, a m'maofesi, aphunzitsi, amalonda akale a paboma, amene zikutivuta kumvetsa kuti mwana wolekeza Sitandade 6, wosoka zovala kapena wothirira maluwa panyumba ya munthu ku Durban, wakhoma malata ife tikadali palendi. Kuwawidwa mtima kumeneko n'komveka, koma kwagwera munthu wosalakwa. Ndipo ife tikuposa a ku Paris pa chinthu chimodzi. Iwo ankanyoza alendo, ife tikunyoza ana athu, omwe kumene akuchokerako amatchedwa makwerekwere, omwe mu 2008 ndi mu 2015 anathamangitsidwa ndi zikwanje ndi moto, mpaka mu 2015 boma lathu linachita kutumiza mabasi ku Durban kukawatenga. Kumeneko ndi alendo, akafika kwawo tiwasandutsenso alendo?

Komanso tidzifunse kuti matamawo amawaphunzitsa ndani. Kakhaleni padepoti tsiku lomwe basi yafika muone. Wotsika ndi zikwama zinayi zamizeremizere, njinga ikutsitsidwa pamwamba, TV ili m'katoni, amalandiridwa ndi nthungululu, ana kulimbirana kusenza. Wotsika ndi kachikwama kamodzi kakumsana, amene mwina wachokera ku Lindela, kumalo osungirako anthu opanda mapepala ku Krugersdorp, amadikira kude kuti alowe m'mudzi, ndipo m'mawa mwake adzukulu amufunsa kuti, "Ankolo, zaka zonsezi mwangobwera ndi ndevu?" Mnyamata aliyense wa kuno amazidziwa zimenezi asananyamuke. N'chifukwa chake amalolera kugona mopanikizana m'kachipinda kamodzi ndi anzake, kudya kamodzi patsiku, kuti mwezi umodzi wa Disembala aoneke kuti sanapite pachabe. Jekete lija si umboni wa chuma, ndi chishango. Tsono tikamuseka wobwera chimanjamanja, n'kumusekanso wobwera ndi katundu, tamusiyira khomo liti lolowera? Ambiri mwa omwe anatchona zenizeni sanakhalitse chifukwa cha kukoma kwa Joni. Anachita manyazi kubwera opanda kanthu, n'kumati chaka chamawa, chaka chamawa, mpaka makolo anaikidwa iwo kulibe, ndipo manyazi atawirikiza njira yobwerera inatsekeka. Kuseka kwathu ndi chimodzi mwa zinthu zomwe zimapanga matchona enieni, ndipo mfundo iyi yokha ikanayenera kutitseka pakamwa.

Mfundo yachitatu ndiyo yaikulu kuposa zonse, ndipo imachokera kwa aphunzitsi ndi mafumu omwe ndimawalemekeza. Iwo akuti kudzionetsera kwa obwera ku Joni kukukopa ana kusiya sukulu. Mnyamata wa Sitandade 7 akaona mnzake panjinga yamoto, Januwale sabwereranso m'kalasi, amayamba kusaka ya pasipoti ndi ya transipota, ndipo atsikana ena akukwatiwa ali aang'ono ndi amuna omwe azikhala nawo milungu itatu pachaka. Zimenezi n'zoona, ndipo aliyense wokhala m'boma lino waziona ndi maso. Akuti tsono dzina lonyoza likuthandiza kuchotsa ulemerero pa ulendowu. Yankho langa ndi lakuti mwana sathawa sukulu chifukwa cha chovala, amawerengera. Amaona msuweni wake amene anakhoza Fomu 4 akupalasa kabaza pamlatho wa Bakili Muluzi. Amaona bambo ake akubwera kunyanja ya Malombe ndi kambuzi wa m'kambale pomwe agogo ake ankabwera ndi chambo. Anamva kuti mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo anaona kuti randi iliyonse yotumizidwa pakhomo la anansi inakula pomwe malipiro a mphunzitsi wake anafota. Boma la anthu oposa 1.1 miliyoni, monga anawerengera mu 2018, lilibe mafakitale oti n'kulemba ana onsewa, ndipo mahotela a m'mbali mwa nyanja sangawalembe onse. Masamu amenewa simungawasinthe ndi dzina lachipongwe.

Chomwe chingagwedeze masamuwo ndi choonadi cha ulendowo, ndipo osunga choonadicho ndi omwe tikuwanyozawo. Ndiwo akudziwa ndalama zomwe zimathera pa Zobue, pa Nyamapanda ndi pa Beitbridge. Ndiwo akudziwa ngongole ya transipota yomwe munthu amaibweza miyezi yambiri asanatumize kalikonse kumudzi, mantha omwe amayamba masiku a pachidindo akatha n'kumathawa galimoto iliyonse ya apolisi, bwana wokana kulipira podziwa kuti wopanda mapepala sangakasume, ndi mtengo wobweretsa maliro kuchokera ku Joni kufika kwa Makanjira. Mphunzitsi wamkulu wofunadi kusunga ana ake akanaitana mmodzi wa anyamatawa kuti akayankhule ndi a Sitandade 8, awauze kuti amene ali ndi satifiketi ndi luso la m'manja amavutikako pang'ono kusiyana ndi wongodziwa kusenza. Mawu otere kuchokera kwa munthu woti wapondako amalowa kuposa a ife tonse. Koma munthu amene mwamulandira ndi chipongwe sangakuonetseni mabala ake. Amangowonjezera matama, ndipo ana amaona matamawo basi.

Palinso ena omwe amati ndi nthabwala chabe, tisakulitse nkhani. Nthabwala imadziwika poona kuti wonenedwayo akuseka nawo, ndipo awa sakuseka. Ndiponso monga linachitira dzina la ku Paris lija, lathuli lakula kale. Linachoka pabawo n'kulowa m'ndale, komwe pakampeni munthu amene anakhalako kunja amatchedwa mtchona pofuna kunena kuti alibe pakamwa pa za dziko lake. Tikumbuke kuti Kamuzu Banda anachoka kuno ali mnyamata, anagwirako ntchito ku Hartley ndi kumgodi wa kufupi ndi Johannesburg, anakhala kunja zaka zoposa 40, ndipo atatera pa Chileka pa 6 Julaye 1958 ankayankhula ndi anthu ake kudzera mwa womasulira. Za ulamuliro wake tikhoza kutsutsana mpaka kucha, ndipo zotsutsana zilipo zambiri, koma sindinamvepo munthu akunena kuti cholakwa chake chinali kubwerera.

Pempho langa likupita kwa omwe mawu awo amamveka patali, owulutsa mawu pamawailesi a m'boma lino, mashehe ndi abusa, mafumu ndi oyendetsa masamba a pa Facebook. Wobwera mutcheni wobwera ku Joni, monga akale ankanenera wobwera ku Theba. Akachita matama, amalume ake amuitanire kuseri n'kumuuza kuti, "Mphwanga, wayamba kudzimva, wadutsa agogo ako osawapatsa moni," chifukwa ntchito yowongola mwana ndi ya mwinimbumba, si ya gulu la pamsika. Dzina la mtchona tilisungire eni ake, ndipo tilipatse ntchito. Nyakwawa iliyonse ikhoza kulemba m'kope mayina a anthu a m'mudzi mwake omwe sanamveke kwa zaka, chaka chomwe anachoka ndi tauni yomwe anamveka komaliza. Mayina amenewo akhoza kupita ndi obwerera kummwera, omwe amadziwa mizikiti, matchalitchi ndi magulu othandizana pamaliro a Amalawi ku Johannesburg ndi ku Durban. Akhozanso kufika ku ofesi ya kazembe wathu ku Pretoria ndi ku Red Cross, yomwe ili ndi ntchito yofufuza abale otayana. Poyambira pakufunika kope limodzi, cholembera, ndi mfumu yololera kuitanitsa msonkhano.